KODI ANYANI ALI MITUNDU INGATI?

Cimanga cikayamba kukhwima m'minda ya pa Chinyunyu, ana ambiri sagona tulo ta mbandakuca. Tambala akangolira kaciwiri, iwo anyamula zitini ndi malegeni napita ku nsanja kukalinda anyani. Mwana ali yense amene analindapo munda adziwa kuti nyani si pusi ai. Pusi ndi wamng'ono, wa nkhope yakuda ndi mcira wautali, ndipo akathyola cimanga cimodzi athawira naco mumtengo. Nyani ndi wamkulu, wa pakamwa potalika ngati galu. Ayenda pansi pamodzi ndi anzace ambiri, ndipo akaona kuti wolindayo ndi kamwana, sathawa msanga.

Apa palibe cobvuta. Koma nali funso limene labvuta anthu ophunzira zaka zambiri: kodi m'dziko lathu la Zambia muli mitundu ingati ya anyani? Mukatsegula mabuku a akatswiri a za nyama mudzadabwa. Buku lina lidzakuuzani kuti iripo iwiri. Lina lidzati ai, mtundu ndi umodzi wokha. Buku la masiku ano lidzati itatu. Kodi anyaniwo ndiwo anasintha? Iai. Anyani amene anaba cimanga ca agogo anu ndiwo makolo a omwewa amene muwapirikitsa lero, ndipo nkhope zao nzomwezo. Cimene cinasintha ndi maganizo a anthu pa mau awa akuti "mtundu". Tiyeni tilondole mapazi a maganizowo, kuyambira kumudzi konkuno.

Kagawidwe ka makolo

Makolo athu sanadikire sukulu kuti agawe zamoyo. Iwo anazigawa poyang'ana nchito ya cinthu ciri conse. Ca miyendo inai cimene cidyedwa anati ndi nyama. Cimene cilusa, ciluma kapena ciononga anati ndi cirombo, cifukwa cace mkango ndi cirombo, nankafumbwe wa m'nkhokwe ndi kacirombo, ndipo ngakhale bowa wosadyedwa, amai pomuona m'thengo amangoti, "Siyani, ncirombo ico." Kugawa kotere kuli ndi nzeru yace, pakuti mai amene sadziwa kusiyanitsa tente ndi bowa wakupha angathe kutha banja lonse ndi mphika umodzi wa ndiwo.

Koma pali zamoyo zina zokana kulowa m'khola liri lonse. Mleme uuluka ngati mbalame, koma uli ndi ubweya ndi mano ngati mbewa. Suikira mazira, ubala mwana numuyamwitsa. Pa nthano za madzulo mleme ndiwo ukanidwa ku mbalame nukanidwanso ku nyama. M'buku la Levitiko, mutu 11, unawerengedwa pamodzi ndi mbalame zosadyedwa, pakuti anthu a nthawi imeneyo anagawa zamoyo poyang'ana kumene ziyenda: za m'madzi pazokha, zouluka pazokha, za pamtunda pazokha. Ndiponso pali zina zimene tinazipatsa maina awiri ngakhale ziri za nyumba imodzi. Inswa zimene mutola pa culu mvula yoyamba ikagwa, ndi ciswe cimene cinamanga culuco, ndi ana a mai mmodzi. Mbululu za m'thamanda ndizo acule a mawa.

Ku Greece kunali munthu wanzeru dzina lace Aristotle, amene anamwalira zaka 322 Yesu asanabadwe. Iye sanakhutire ndi kuona kunja kokha. Anatumbula nyama ndi nsomba kuti aone za m'kati, nalongosola mitundu ngati 500, naigawa pawiri: ya magazi ofiira ndi yopanda magazi ofiira. Anazindikiranso kuti namgumi, cinyama cacikulu ca m'nyanja ya mcere, ngakhale cioneka ngati nsomba, cipuma mpweya ndi kuyamwitsa ana. Anthu a ku Ulaya anatsata mau ace zaka mazana ambiri.

M'caka ca 1686 John Ray, mwana wa wosula zitsulo wa ku England, anafunsa funso limene mlimi ali yense angathe kuyankha: kodi ukabzala mbeu, comera nciani? Taganizani za cimanga ca makolo. Pa cisononkho cimodzi mupeza njere zoyera, zofiirira ndi zina zakuda, koma mukabzala iri yonse pamera cimanga. Ray anati zonse zocokera m'mbeu ya kholo limodzi ndi mtundu umodzi, zingasiyane bwanji maonekedwe. Ndipo mbeu ya mapira sidzameretsa cimanga nthawi zonse.

Maina awiri

Masiku amenewo maina a zamoyo anali osokonezeka. Dziko liri lonse linali ndi maina ace, monga momwe ife timati nyani, Abemba amati kolwe, Atonga amati sokwe. Anthu ophunzira polemberana makalata analemba m'Cilatini, koma dzina la kaduwa kamodzi linkatha mzere wonse wa buku.

Amene anakonza msokonezowo ndi Carl Linnaeus, mwana wa mbusa wa mpingo, wobadwira ku Sweden m'caka ca 1707. Iye anati camoyo ciri conse cikhale ndi maina awiri okha. Loyamba likhale ngati ciwongo, lacibale. Laciwiri likhale lace-lace. Ziri ngati mphunzitsi poitana maina m'kalasi ayamba ndi Phiri kapena Banda, nachula dzina la mwanayo pambuyo. M'caka ca 1753 Linnaeus anacha zomera maina otere, ndipo mu 1758 anacha nyama. Cimanga anaciti Zea mays. Munthu anamuti Homo sapiens. Njira imeneyi ikali kugwira nchito pa dziko lonse. Mtengo wa masuku, amene mugulitsa zipatso zace m'mbali mwa mseu wa ku Chipata, uchedwa Uapaca kirkiana, pokumbukira John Kirk amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi. Tente anamucha Amanita zambiana m'caka ca 1980, ndipo mukamvetsetsa mudzamva dzina la dziko lathu m'katimo. Ciwongo cace ca Amanita ndico ciwongo ca abowa ena oopsa koposa pa dziko lapansi. Cifukwa cace musazule bowa popanda wamkulu womudziwa.

Linnaeus anakhulupirira kuti mitundu iripo yowerengeka monga inalengedwa paciyambi, ndi kuti sisintha. Kwa iye mtundu unali ngati cikombole ca njerwa. Njerwa ina ituluka yobenthuka, ina yopsa kwambiri, koma cikombole ncimodzi. Motero akatswiri anayamba kusunga cikopa cimodzi kapena tsamba limodzi louma m'nyumba zosungiramo zinthu, kuti cikhale muyeso woyesera zina zonse.

Koma maso anyenga. Pali abakha ena a m'thengo a ku Ulaya amene wamwamuna ali ndi mutu wobiriwira wonyezimira, pamene wamkazi ndi wotuwa wamawanga. Linnaeus anawapatsa maina awiri, nayesa kuti ndi mitundu iwiri. Ziri ngati mlendo wosadziwa nkhuku aone tambala ndi thadzi, nalembe kuti waona mbalame ziwiri zosiyana. Ndipo m'caka ca 1766 anacha nyani dzina lakuti cynocephalus, ndiko kunena "mutu wa galu", ngakhale iye mwini sanapondepo nthaka ya Africa. Koma ataona maluwa ena odabwitsa, anayamba kuganiza kuti mwina mitundu yatsopano ingathe kubadwa mitundu iwiri ikasakanizana.

M'zaka zomwezo ku France kunali katswiri wina dzina lace Buffon, amene sanakonde kuweruza ndi maso okha. Iye anati tiyang'ane ana. Bulu ndi kavalo afanana ndithu, ndipo akakwerana pabadwa nyulu, nyama yamphamvu yosenza katundu. Koma nyulu ndi cumba, sibala. Cifukwa cace bulu ndi kavalo ndi mitundu iwiri. Agalu asiyana kwambiri, ena ngati mwana wa ng'ombe, ena ngati mphaka, koma ana ao abala. Cifukwa cace agalu onse ndi mtundu umodzi. Sungani lamulo limeneli m'mutu, pakuti tidzakomana nalonso.

Cibale

Charles Darwin wa ku England anazungulira dziko lapansi m'combo cochedwa Beagle kuyambira 1831 mpaka 1836. Atabwerera kwao anatha zaka 8 alikupenda tizamoyo ta zigoba timene timamatirira ku miyala ya m'nyanja ya mcere. Nchitoyo inamtopetsa, pakuti kawiri-kawiri analephera kunena pamene mtundu wina uthera ndi pamene unzace uyambira. Anawetanso nkhunda za maonekedwe osiyana-siyana, zina za mcira wotambalala, zina za cifuwa cotupa, nazindikira kuti zonsezo kholo lao ndi njiwa imodzi ya m'matanthwe. Munthu wina, Alfred Wallace, anafika pa ganizo lomwelo payekha. M'caka ca 1859 Darwin anaturutsa buku lace lochedwa On the Origin of Species, m'mene ananena kuti mitundu ibadwa kucokera ku mitundu inzace, pang'ono-pang'ono, pa mibadwo yosawerengeka.

Kuti mumvetse, ganizani za zinenero. Cicewa, Cinsenga, Cisoli ndi Cibemba zinacokera ku cinenero cimodzi ca makolo a kale lomwe. Mbumba ina inasamuka niolokera kutsidya kwa mtsinje, ina inatsala, ina inakwera kumapiri. Ana analankhula monga amai ao, adzukulu monga ana aja, ndipo palibe tsiku limene munthu anadzuka m'mawa nati, "Lero ndayamba kulankhula Cinsenga." Koma popita zaka, a tsidya lino ndi a tsidya lija anayamba kubvutika pomvana. Ndimo m'mene igawikira mitundu ya zamoyo. Palibe cikombole, pali makolo ndi zidzukulu.

Kucokera pamenepo nchito yogawa zamoyo inasanduka nchito yolondola cibale. Akulu amati cibale ndi pfupa, siciola, ndipo pa nkhani iyi mauwo ngoona kweni-kweni. Mukatambasula phiko la mleme mudzapezamo mafupa a zala zisanu monga a m'dzanja lanu. Mleme ndi mbale wa nyama zoyamwitsa, si mbalame ai. Pa nyama zonse za pamtunda zimene ziripo lero, mbale weni-weni wa namgumi ndi mvuu ya mu Luangwa. Nkhani ya bowa ndiyo indikondweretsa koposa. Zaka zambiri mabuku a sukulu anaika bowa pamodzi ndi zomera. M'caka ca 1969 Robert Whittaker wa ku America anamcotsako nampatsa cigawo cace-cace, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti bowa ali pafupi ndi nyama koposa ndi zomera. Tsono Brian Morris, amene anakhala ku Malawi zaka zambiri naphunzira maina a bowa kwa amai a m'midzi, analemba kuti amaiwo amaika bowa kumbali ya nyama, osati ya masamba. Iwo anafika pamenepo polawa ndi lilime, ophunzira anafikapo ndi makina.

Ogawa ndi ophatikiza

Azungu atalowa m'kati mwa Africa, alenje ndi mabwana a pa boma anayamba kutumiza zikopa ndi zigaza za nyama ku Ulaya. Kumeneko akatswiri anaziyala pa thebulo naziyesa, ndipo cikopa cikasiyana pang'ono ndi cinzace anacipatsa dzina latsopano. Harry Thornicroft, bwana wa pa boma la Petauke, anaombera nyamalikiti m'cigwa ca Luangwa natumiza cikopa cace ku London. M'caka ca 1911 Richard Lydekker anacha nyamayo thornicrofti. M'caka ca 1919 Einar Lönnberg wa ku Sweden anapenda anyani ang'ono-ang'ono ocokera pa malo ochedwa Kinda, ku Katanga m'dziko la Congo, nawacha Papio kindae. Ambiri mwa ocha mainawo sanaonepo nyamazo zirikuyenda, ndipo maina ambiri a nthawi imeneyo anatayidwa pambuyo pace.

Amene anatsogolera nchito yocepetsa mainawo ndi Ernst Mayr, wobadwira ku Germany. Ali mnyamata, m'caka ca 1928, anapita ku mapiri a pa cisumbu ca New Guinea kukaphunzira mbalame. Iye anawerenga mitundu 137; alenje a kumeneko, osadziwa kulemba, anali ndi maina 136. Anasokoneza timbalame tiwiri tokha tofanana kwambiri. Ici cinamtsimikizira Mayr kuti mitundu si maloto a anthu a mabuku, iripodi m'thengo. M'caka ca 1942 analemba lamulo lofanana ndi la Buffon lija, koma analiturutsa m'khola nalipititsa kuthengo. Anati mtundu ndi magulu a zamoyo amene akwatirana okha-okha m'thengo nabala ana obala, osasakanizana ndi magulu ena.

Tsono tibwerere kwa anyani athu. M'Zambia muli anyani a maonekedwe atatu. Kumwera, ku Livingstone, ku Kariba ndi m'cigwa ca Zambezi, kuli nyani wochedwa chacma: wamkulu, wotuwa moderako, wa nkhope yaitali yoloza pansi. Wamwamuna alemera makilogalamu ngati 30. Kum'mawa, kutsidya kwa Luangwa mpaka ku Malawi, kuli nyani wacikasu, wa miyendo yaitali yoonda, uja Linnaeus anamuti mutu wa galu. Kumpoto ndi kumadzulo, monga ku Kasanka ndi kumpoto kwa Kafue, kuli nyani wa Kinda: wamng'ono, wa nkhope yaifupi, wa khungu lofiirira kuzungulira maso, ndi tsumba pamutu. Wamwamuna wace alemera makilogalamu ngati 16 okha. Ana a anyani ena abadwa akuda, koma ana ambiri a Kinda abadwa oyera mbee.

Pamene anthu anayesa anyaniwa ndi lamulo la Mayr anapeza bvuto. Pali ponse pamene anyani a maonekedwe awiri akomana, akwatirana, ndipo ana ao si acumba ngati nyulu. Abala bwino lomwe. Cifukwa cace akatswiri ena anati anyani onse a mu Africa, ndi a ku Arabia omwe, ndi mtundu umodzi. Ili ndilo buku lija linati umodzi. Ena anakana nati chacma ndi nyani wacikasu asiyana kwambiri, akhale mitundu iwiri, koma Kinda akhale kanthambi cabe ka nyani wacikasu. Ili ndilo buku lija linati iwiri. Motero dzina limene Lönnberg anacha linatsitsidwa, monga nyakwawa yolandidwa mudzi.

Kalata ya m'magazi

Thupi la camoyo ciri conse linamangidwa ndi tizipinda ting'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'kati mwa timeneti muli kanthu konga ulusi wautali, dzina lace DNA, kamene kali ngati kalata yolembedwa ndi makolo. Mwana alandira theka la kalatayo kwa atate, theka kwa amai. Mapangidwe a DNA anadziwika m'caka ca 1953, ndipo popita zaka anthu anaphunzira kuiwerenga. Pa mbadwo uli wonse malembo ena owerengeka asintha. Cifukwa cace zamoyo ziwiri zimene makalata ao afanana kwambiri zinasiyana dzulo-dzuloli, ndipo zimene makalata ao asiyana kwambiri zinasiyana kale.

M'kalatamo muli zizindikiro ziwiri zothandiza kwambiri. Cimodzi cicokera kwa amai okha, ndipo citsika kucikazi monga momwe ufumu utsikira pakati pa Acewa ndi Asoli. Cinzace cicokera kwa atate kupita kwa ana amuna okha. Dziwaninso kuti anyani athuwa atsata mwambo wa cikamwini. Wamkazi akhala m'gulu la amai ace mpaka imfa. Wamwamuna akakula acoka kwao nakalowa m'gulu lina kukafuna akazi.

Clifford Jolly ndi Jane Phillips-Conroy a ku America, pamodzi ndi anzao, anayenda m'Zambia kupenda anyani, ndipo m'caka ca 2011 analemba zimene anapeza pafupi ndi Ngoma, m'nkhalango ya Kafue, pamene Kinda akomana ndi chacma. Pamenepo pali anyani osakanizika, a thupi la uku ndi nkhope ya uko. Inu mukadaganiza kuti chacma wamwamuna, cimphona cija, ndiye alanda akazi a Kinda. Koma kalata ya m'magazi inanena zina. Anyani osakanizikawo kucikazi kwao kunali kwa chacma, kucimuna kwao kwa Kinda. Ndiko kunena kuti kanyani kakang'ono ka Kinda ndiko kakalowa ukamwini kwa achacma, nikakwatira mkazi wolingana nako msinkhu. Ku Kasanka, kumene anthu akhala alikutsata gulu la anyani a Kinda kuyambira 2010, anaona kuti amuna a mtundu umenewu sakonda ndeu monga anyani ena; atha nthawi yaitali alikupesa ubweya wa akazi ndi kuwacotsa nkhupakupa. Mkamwini waulemu sacedwa kuzolowera mudzi.

Nanga ngati akwatirana, bwanji mabuku a lero ati mitundu itatu? Cifukwa cace nci: kusakanizikako kucitika pa kamalo kocepa ka m'malire. Mukayenda kutali ndi malirewo, Kinda ndi Kinda ndithu, pa msinkhu, pa khalidwe ndi pa kalata ya m'magazi. Chacma nayenso cimodzi-modzi. Madzi a Lunsemfwa ndi a Luangwa asakanizika pa mathiriro, koma palibe munthu anena kuti ndi mtsinje umodzi kuyambira ku magwero. Akatswiri ambiri a lero amati mtundu ndi mzere wa makolo ndi zidzukulu umene wayenda njira yace-yace nthawi yaitali, ngakhale ubwerekane magazi pang'ono ndi mnansi wace. Motero ca m'ma 2013 nyani wa Kinda anabwezeredwa dzina lace la 1919, ndipo tsopano anyani awerengedwa mitundu 6, itatu mwa iyo iri m'dziko lathu. M'caka ca 2023 anawerenga DNA ya anyani 225 a m'maiko osiyana-siyana, napeza kuti kumadzulo kwa Tanzania kuli anyani okhala ndi magazi a mitundu itatu pamodzi. Musayese kuti mkangano unatha. Akatswiri awerengapo malamulo oposa 20 ofotokoza mau akuti mtundu, ndipo liri lonse liri ndi pamene lipunthwa.

Pa kasupe wotentha

Kuti muone pamene lamulo la ukwati lipunthwa, simufunika kupita kutali. Nthoci za kuseri kwa nyumba ziribe njere. Mubzala mphukira yocokera kwa mai wace. Nanga zimenezo tiziyese bwanji ndi lamulo la Mayr?

Ndipo pitani pa akasupe otentha a pa Chinyunyu m'mawa wa mwezi wa June, nthunzi irikufuka. Pamene madzi atumphukira simungaikepo dzanja nthawi yaitali. Kale anthu anayesa kuti m'madzi otentha kwambiri simungakhale camoyo. Koma m'caka ca 1966 Thomas Brock, pofufuza m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America, anapeza kacirombo kosaoneka ndi maso kamene kakondwa m'madzi a madigiri 70, ndipo mu 1969 kanachedwa Thermus aquaticus. Tizirombo totere tiribe tamuna kapena takazi. Kamodzi kangodziduka pakati nikasanduka tiwiri, ndipo nthawi zina kalandira cidutswa ca DNA kwa kanzace kosakhala kacibale konse. M'caka ca 1977 Carl Woese anawerenga makalata a tizirombo tosaonekati napeza kuti tiri magulu awiri akulu osiyana kotheratu, ngakhale pa galasi lokuza zinthu tioneka cimodzi-modzi. Gulu latsopanolo lichedwa Archaea, ndipo ena a m'gululo akhala m'akasupe otentha. Linnaeus anagawa zamoyo zonse pawiri, nyama ndi zomera. Tizirombo iti sitilowa uku kapena uko.

Mwina wina afunsa kuti, kodi mkangano wa maina uli ndi phindu lanji kwa ife? Taonani nyamalikiti. Zaka zambiri mabuku anati nyamalikiti zonse za mu Africa ndi mtundu umodzi, ndipo powerenga zonse pamodzi zinaoneka zambiri ndithu. M'caka ca 2016 opima DNA anati mitundu ndi inai, ndipo mu August 2025 bungwe la IUCN, limene lilemba maina a zamoyo zimene ziri pafupi kutha, linabvomereza. Tsopano mtundu uli wonse uwerengedwa paokha, ndipo kwaoneka kuti ina yatsala yocepa. Nyamalikiti ya ku Luangwa inapezeka kuti ndi nthambi ya mtundu wa ku Kenya ndi Tanzania. Iripo mazana owerengeka cabe, ndipo kwao ndi m'cigwa comweco basi. Cinthu cikapanda dzina sicilembedwa m'buku, ndipo cosalembedwa m'buku boma silicilembera alonda.

Pali malo amodzi pamene muyenera kucenjera ndi mau akuti mtundu. M'Cinyanja timati mtundu wa Asoli, mtundu wa Ansenga, mtundu wa Amwenye, mtundu wa Azungu. Linnaeus anagawa anthu panai monga mwa khungu lao ndi maiko ao, napatsa gulu liri lonse makhalidwe a m'mutu mwace, abwino kwa a ku Ulaya ndi oipa kwa a mu Africa. Pamenepo analakwa koposa pa abakha paja, ndipo ena anatenga maganizo otere nalungamitsa nao ukapolo ndi tsankho. Koma muyese ndi lamulo la Ray, la Buffon, la Mayr, kapena ndi DNA, yankho ndi limodzi: anthu onse amene ali ndi moyo lero ndi Homo sapiens. Kalata ya m'magazi a Msoli wa kwa Bunda Bunda ndi ya munthu wa ku Sweden zifanana kwambiri koposa ya nyani wa Kinda ndi ya chacma.

Chinyunyu iri pakati pa mbali zitatu zija: cigwa ca Zambezi kumwera, Luangwa kum'mawa, ndi nkhalango za Kinda kumpoto. Tsono tsiku lina polinda munda, musanaombe citini, khalani cete pang'ono pa nsanja. Kuona maso a nkhono nkudekha. Yang'anani mcira wa nyani wamkulu, ngati uli wothyoka pafupi ndi tsinde lace monga wa chacma ndi wa nyani wacikasu, kapena wopindika bwino ngati uta monga wa Kinda. Yang'anani khungu la m'maso, ndi msinkhu wa amuna poyerekeza ndi akazi. Ndipo pakapita mai wobereka khanda pamimba, muone ngati khandalo liri lakuda kapena loyera. Mukatha kuona zonsezi, ombani citini msanga, cimanga cingathe.

NCHITO

1. Funsani agogo anu maina a mbewa zonse zimene adziwa, ndipo akuuzeni cimene azisiyanitsira. Lembani mainawo m'kope mwanu.

2. Tolani masamba a mitengo isanu ya pafupi ndi sukulu. Kodi ndi iti imene muyesa kuti ndi yacibale? Cifukwa ninji?

3. Fotokozani m'mau anu-anu cifukwa cace Buffon akadati anyani a pa Ngoma ndi mtundu umodzi.

4. Jambulani mapu a Zambia, muikepo mitsinje ya Zambezi, Kafue ndi Luangwa, ndipo mulembe kumene kukhala nyani wa mtundu uli wonse.